Mapushirodi Khumi ndi Awiri ndi Chingwe cha Mulenga

Aliyense amene anandiona Loweruka lija ndikulowa mu Kawama nditagwira chiwongolero cha galimoto yosalira, mutu uli mbuu ndi ufa, kutsogolo kuli chingwe, ndikumupempha kuti aleke kufotokozera anthu nkhaniyi. Mukuiwononga. Ena akuti injini inaphulika. Ena akuti ndinaiwala kuthira petulo (ine, kuiwala petulo!). Mayi wina wogulitsa kapenta pa msika wa Chimwemwe, kwathu kuno ku Kitwe, akuuza makasitomala ake kuti ndinalira misozi. Sindinalire ine, unali ufa umene unalowa m'maso. Ndiye ndati ndilembe ndekha, mwini nkhani, kuti mudziwe amene analakwa. Muona kuti olakwa ndi ambiri, ndipo ine ndili kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Galimotoyo dzina lake ndi Dona. Ndinaigula ndevu zanga zikadali zakuda, kwa mzungu wina wa ku mgodi amene ankabwerera kwawo. Ndi yobiriwira, yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wolemera, mpando wakutsogolo umodzi wokha ngati benchi ya m'tchalitchi, injini ya masilinda sikisi. Ana anga onse asanu ndi awiri anachoka kuchipatala atakwera Dona. Anthu a mu mzere wathu odwala, okwatiwa, ngakhale othawa apongozi, onse anakwerapo. Ndiye zaka khumi ndi chimodzi zapitazo inayamba kulira kuti tiki-tiki-tiki, mphamvu n'kuchepa. Ndinaiimika pansi pa mtengo wa kotapeya n'kunena kuti ndiiona Loweruka. Loweruka limenelo linachedwa kufika.

Mkazi wanga, amake Dalitso, ndi munthu wopirira, koma kupirira kwake kumakhala ndi tsiku lothera ngati mankhwala a kuchipatala. Tsiku lina m'mawa anaima pa khomo, manja m'chiuno, akuyang'ana Dona.

"Inu bambo, mwezi wa mawa ukwati wathu ukukwanitsa zaka fifite."

"Ndikudziwa," ndinatero (sindinkadziwa).

"Bambo Mfumu a ku Kawama, ku Ndola kumene tinakwatitsira, anena kuti tibwere atidalitse pa Misa ya teni awazi. Ndiye mvetserani. Chimotoka chanuchi chikandinyamula kuchoka pano mpaka pa khomo la tchalitchi ndi mphamvu yake, chikhala. Chikakanika, chichoka pa bwalo panga, ndipo kopita ndisankha ndine. Pamalopa ndikufuna khola la nkhuku."

Nkhuku! Pamalo pa Dona! Ndinavomera pomwepo, ndi mawu okweza, kuti ndi aneba omwe amve. Ndipo anamva, makamaka mmodzi.

Kutsidya kwa msewu wathu kumakhala Mulenga, Mbemba. Inu a kumudzi amene simunakhalepo kuno ku Migodi mwina simudziwa: ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Timatukwanana pa ukwati, timatukwanana pa maliro, mlandu palibe. Iwo amati ife ndife odya mbewa, ife timati iwo ndi odya anyani, ndipo pa tsiku la chisangalalo mbuya wako ali ndi ufulu wokuthira ufa kumutu ngakhale utavala suti. Ine ndi Mulenga tatukwanana chonchi zaka zoposa makumi anayi. Tinkagwira limodzi ku wekishopu ya mgodi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapita kusukulu ya zamakaniko, ali ndi pepala lake m'galasi pakhoma, pamene ine ndinalekera Sitandade Folo n'kunyamula zipanala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Koma ndifunseni: amene amaidziwa bwino sipanala ndani, woilemba pa mayeso kapena woinyamula?

Chinanso muyenera kudziwa: Mulenga wakhala akusirira Dona chiigulireni. Amaiyang'ana monga fisi ayang'anira mbuzi ya mwini.

Ndinatsegula injini Lolemba. Kwa inu osadziwa, ndikufotokozereni pang'ono, n'zosavuta. Pansi pa injini pali chitsulo chozungulira cha manundumanundu, timati kamu. Pa nundu iliyonse pamakhala kachitsulo konga kambiya kakang'ono, ndiye lifita. Pamwamba pa lifita pamaima kandodo kachitsulo kotalika ngati pensulo yatsopano, ndiye pushirodi. Nundu ikakankha lifita, lifita imakankha pushirodi, pushirodi imakankha roka kumwamba, roka n'kutsegula vavu kuti injini ipume. Zili ngati uthenga wa maliro: uyu auza uyu, uyu auza uyu. Mu Dona muli khumi ndi ziwiri za chilichonse. Nditasolola malifita ndinapeza asanu atadyeka kunsi, nkhope zawo ngati za munthu amene anadwala nthomba. Tiki-tiki uja ndi ameneyo.

Mu Kitwe yense ndinasowa malifita. Anyamata a m'masitolo a sipeya ankatenga lifita yanga, kuitembenuza, kuijambula ndi foni, n'kufunsa ngati ndi ya chigayo. Potsiriza ndinakwera minibasi kupita ku Ndola, kwa bambo wina wamimba amene amasunga mitembo ya magalimoto kuseri kwa mafakitale. Anandilondolera ku injini ina imene inali m'maudzu.

"Mudala, iyi ndi banja limodzi ndi yanu. Ndi mng'ono wake chabe, inabadwa pambuyo. Malifita alowa bwinobwino."

Tinasolola khumi ndi awiri, osalala ngati mazira. Ndikumanga m'kansalu, iye anati, "Tengani ndi mapushirodi ake, mudala. Izi zimayenda pamodzi."

Mwamva? Ndi mmene amachitira anthu a malonda. Ukagula nsapato amafuna ugulenso phazi. Ndinamuuza kuti mapushirodi anga ali bwino, owongoka ngati asilikali, ndipo kuti ine ndinayamba kugwira injini iye asanaphunzire kupukuta mamina. Anangokweza mapewa. (Wolakwa woyamba ndi ameneyu. Munthu wodziwa kuti chinthu n'chofunika amakakamira, sakweza mapewa.)

Malifita analowadi m'mabowo mwake ngati anabadwira momwemo. Ndinaimika mapushirodi anga akale, kumanga maroka, kuthira petulo, kubwereka batire. Amake Dalitso anatulutsa mpando kukhala pa khonde. Ndinapotokola kiyi. Dona anakhosomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe. Ndinapotokolanso. Anakhosomolanso. Ndinapempha mkazi wanga kuti apotokole ndiye, ine n'kuweramira pa kabureta kuti ndione ngati petulo akufika. Ankafika. Anatuluka ali moto, phuu! Nsidze zanga zonse ziwiri zinapita tsiku limenelo, ndipo yakumanzere sinabwererebe mpaka lero.

Utsi utachepa ndinaona mutu wa Mulenga uli pamwamba pa mpanda, akutafuna chinangwa chootcha.

"Mwabombeni, mbuya. Mukuwamba mbewa?"

"Pita ukadyetse anyani ako."

Analowa osaitanidwa, monga amachitira Abemba. Anatenga lifita yakale imene inali pa nyuzipepala, kusolola yatsopano imodzi, n'kuziimika pamodzi pa boneti. Kunja zinali zofanana. Koma m'kati, pamene pamakhala phazi la pushirodi, yatsopanoyo inali yosaya, mpando wake unali pamwamba.

"Mwaona? Pushirodi yanu yakwera pa mpando wautali, ndiye ikukankha vavu nthawi zonse. Mavavu sakutseka. Injini ili ngati munthu wofuna kuimba likhweru kukamwa kuli yasa. Lifita ndi pushirodi ndi mwamuna ndi mkazi, mbuya. Simungatenge mkazi wa mwini n'kumuika m'nyumba mwanu n'kuyembekeza mtendere. Bwererani ku Ndola mukatenge mapushirodi ake."

Tsopano tayerekezani kuti ndinu ine. Ndibwerere kwa bambo wamimba uja, amene ndinamuuza za mamina, ndikanene kuti pepani bwana, munanena zoona? Ndiponso ndibwerere chifukwa chakuti wanena ndi Mbemba, mkazi wanga akumvera pa khonde? Pali imfa zina zimene munthu sangazivomere.

"Mulenga," ndinatero, "ku mgodi tinali ndi lamulo, kapena unaiwala chifukwa unkangokhala mu ofesi ndi pepala lako. Chitsulo sichiuza munthu zochita. Paipi ikatalika tinkadula. Sitinkaimitsa shifiti kuti tilembe kalata ku Mangalande."

"Iyi si paipi, mwe bantu."

"Chitsulo ndi chitsulo."

Anatenga chinangwa chake n'kumapita. Pa geti anacheuka kuyang'ana Dona, maso ake ali ngwee. Ndikanazindikira pomwepo.

Ndinayeza kusiyana kwa malifita aja ndi timitengo ta machesi. Kunali timitengo tiwiri togonekedwa pamodzi. Basi nkhani yatha: pushirodi iliyonse ichotsedwe timitengo tiwiri. Kumapeto sindikanadula chifukwa kuli timitu tozungulira tolimba, ndiye ndinaganiza zodula pakati, kuchotsa kachidutswa, n'kulumikizanso. Nzeru zimenezi sizili m'buku lililonse. Ndinamanga yoyamba pa vaisi, chopanira zitsulo, n'kuyamba kucheka ndi sowo. Sowo inangoti pang'ono fyuu, yatulukira. Nditayang'ana ndinapsa mtima. M'kati munali mphako! Kabowo koyenda kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ngati phesi la udzu. Ndinadula yachiwiri, chimodzimodzi. Onse khumi ndi awiri!

"Amake Dalitso, tabwerani muone kuba kwa azungu! Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi zitsulo zopanda kanthu m'kati. Anadya chitsulo ku fakitale n'kutigulitsa makoko!"

Iwo anayang'ana n'kunena kuti, "Kaya. Mwina anaboola dala."

Akazi. Munthu angaboole dala chinthu chofunika mphamvu?

Ndinapita nazo kwa wowotcherera wina wa kumsika, amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, bambo waulemu wake wovala magalasi akuda. Ndinamuuza kuti alumikize, ndipo pa mfundo iliyonse athire chitsulo chokwanira mpaka m'kati mudzaze, tikonze zimene azungu anaba. Anatenga chidutswa chimodzi n'kusuzumira kudzuwa.

"Atate, kabowo aka si kanjira ka chinachake?"

"Ka nyerere," ndinatero. "Wotcherera."

Anawotcherera. (Wolakwa wachiwiri. Munthu wa ntchito yake akakayika amakana, savomera chifukwa choti wamuuza ndi wa imvi.) Kunyumba ndinazipala ndi fayilo, kuzigubuduza pa galasi la tebulo kuti ndione ngati zawongoka. Zinkagubuduka, ngakhale ziwiri zinkayenda motsimphina pang'ono ngati ine. Ndinamanga zonse. Ndisanatseke chivundikiro chapamwamba ndinathira oilo ndi dzanja pa maroka onse, kapu yathunthu, kuti ayambe ntchito atadzola.

Ndinapotokola kiyi.

Abale anga, Dona analira. Osati kukhosomola, kulira kwenikweni, kwa pansipansi, ngati mkango umene wakhuta. Zaka khumi ndi chimodzi! Makoswe awiri anatuluka pansi pa mpando n'kuthawira kwa aneba. Ndinazungulira mzere wathu kawiri, pang'onopang'ono, chigongono chili pa windo, n'kukaima pa geti ya Mulenga ndi kuliza hutala mpaka agalu onse a mu Chimwemwe anayankha. Anatuluka, anaika khutu pa boneti n'kumvetsera. Ndinaona kuti zamupweteka.

"Yalira, mbuya. Awe, yalira. Koma munatsegula pamwamba injini ikuyenda, kuona ngati oilo akukwera?"

"Oilo si nyani kuti azikwera."

Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Yankho limenelo ndinalibwereza kwa anthu asanu ndi mmodzi sabata imeneyo, ndipo onse anaseka. Lero akalikumbukira amasekabe, koma kaseke kake kanasintha.

Loweruka la mwambo linafika. Ana ndi adzukulu anatsogola pa minibasi ndi mapoto. Ine ndinavala suti yanga yakuda, nsidze yakumanzere mkazi wanga atandijambulira ndi pensulo yake (izi musauze munthu). Amake Dalitso anavala chitenje chatsopano ndi duku yoyera. Ndinawatsegulira chitseko ngati dona weniweni. Tinanyamuka eiti awazi, kuti tikafike nthawi ikadalipo yoti anthu aione galimoto.

Tinadutsa m'tauni. Anyamata oitanira mabasi anaimba malikhweru, wina anachita sailuti. Tinawoloka mlatho wa Kafue, msewu wa ku Ndola uli tambalale kutsogolo. Ndinaponda pang'ono. Dona anavomera. Mphepo inkalowa pa kawindo kakang'ono ka makona atatu kaja, kamene magalimoto a masiku ano alibe. Ndinaona mkazi wanga akusisita mpando ndi dzanja.

"Pano ndi pamene Dalitso anasanzira, tikuchokera ku ubatizo," anatero.

"Ndi pomwepo."

"Ikumveka ngati kale, bambo."

Ndinati mumtima, nkhuku zija zikafune kwina kogona.

Titayenda ndithu, tikuyandikira mphambano ya ku Luanshya, ndinamva kamawu. Tswii. Tswii-tswii.

"Mwanyamula mbewa?" anafunsa amake Dalitso.

"Ndi lamba wa fani. Akuzolowera."

Tswii uja anasanduka tswiiii, kenaka kwe-kwe-kwe, kenaka ngati munthu akugubuduza mapoto pa masitepe. M'galimoto munalowa fungo la sefuliya yopserera. Mkazi wanga anatulutsa korona. Dona anayamba kunjenjemera, kutsimphina, mphamvu kutha, ndipo mwadzidzidzi kunamveka kuti gwa! ndiye gwa! kachiwiri. Zii. Tinatsetsereka mpaka m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa mbatata, amene anaimirira onse kuti aone bwino.

Ndinavula jekete, kutsegula boneti, kumasula chivundikiro chija ndi mpango chifukwa chinkatentha ngati mbaula. M'kati munali gwaa, mouma ngati kukhosi mwezi wa Okutobala. Oilo wa kapu uja anapsa kalekale. Maroka anali atasanduka abuluu. Mapushirodi anayi anapindika ngati nthochi, awiri anathyoka pa mfundo penipeni. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana, ndipo kamawu ka wowotcherera uja kanabwera kokha m'khutu: si kanjira ka chinachake? Kanali kanjira ka oilo. Oilo amachoka mu lifita, kukwera m'kati mwa pushirodi, n'kukadzoza roka pamwamba. Ndiye kuti amakweradi, ngati nyani. Ndipo ine ndinamutsekera njira zonse khumi ndi ziwiri, n'kulipira munthu kuti atseke bwino.

Koma tsopano imvani chimene chimandipweteka, chimene ndalembera zonsezi. Sipanathe mphindi zitatu. Ndikuti zitatu! Kumbuyo kwathu kunaima kavaneti koyera ka Mulenga, kagalimoto kake konyamulira katundu. Anatsika atavala suti, mkazi wake Bana Chanda naye atatchena. Mulenga sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Anangopita kumbuyo kwa kavaneti n'kutulutsa chingwe. Chatsopano, chabuluu, chikadali chomanga mmene chinachokera kusitolo.

"Wadziwa bwanji kuti tili pano?"

"Takhala tili kumbuyo kwanu kuchokera ku Chimwemwe, mbuya. Ine ndimati mufera pa mlatho. Mwayesetsa."

"Ndipo chingwechi unagula liti?"

"Tsiku lija munati oilo si nyani."

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga kuti andithandize kudabwa. Iwo anali akukonza duku pa galasi.

"Ndinawapempha ndine," anatero. "Mumati ndikaphonye Misa ya zaka fifite chifukwa cha timitengo ta machesi?"

Mwaona? Mkazi wanga wa pa mtanda, amene mphindi khumi zapitazo ankasisita mpando n'kunena kuti ikumveka ngati kale, anali atapangana ndi Mbemba kuti azitilondola ndi chingwe! Munthu angayende bwanji bwino ndi galimoto kumbuyo kuli anthu oyembekeza kuti ife? Ngakhale injini imamva zinthu zotere.

Pomwepo Bana Chanda anabwera ndi kapepala ka pulasitiki.

"Uwu tinasungira kutchalitchi, ba mbuya, koma chisangalalo chayambira pompano."

Waa! Ufa kumutu, kumaso, m'khosi mwa shati. Amayi a mbatata analuluta. Mmodzi anafunsa kuti wa kum'mawa ndi uti, atamuuza anabwera kudzawonjezera wake. Pachimbuya sukwiya, ndilo lamulo. Ndinaima ngati chipilala, mumtima ndikutukwana m'zinenero zitatu.

Anatikoka. Amene simunakokedwepo simudziwa manyazi. Umakhala pa chiwongolero ngati dalaivala, koma kopita akusankha ndi wina, ndipo ukuona msana wa kavaneti ka mdani wako makilomita onsewo. Mulenga ankayendetsa pang'onopang'ono dala, atayatsa magetsi ophethira, akuliza hutala paliponse pamene pali anthu. Tinalowa mu Ndola ngati maliro a mfumu. Mkazi wanga ankabayibitsa anthu pa windo.

Koma ine mutu unkagwirabe ntchito. Ndinakumbukira kuti msewu wopita ku tchalitchi chija umatsetsereka pang'ono chakumapeto. Pangano linali lakuti Dona afike pa khomo ndi mphamvu yake. Kodi kutsetsereka si mphamvu yake? Kulemera ndi kwake, matayala ndi ake. Titafika pa kona ndinaliza hutala mpaka Mulenga anaima.

"Masula chingwe."

"Mbuya, kwatsala pang'ono."

"Masula, wodya anyani iwe. Ndikupempha ngati munthu amene tinagwira naye ntchito."

Anandiyang'ana, ndipo ndinene zoona, sanaseke. Anagwada ndi suti yake n'kumasula, n'kusuntha kavaneti. Ndinachotsa buleki. Dona anayamba kuyenda yekha, mwakachetechete, mwaulemu. Kutsogolo ndinkaona geti ya tchalitchi, ana anga ataima, amayi a kwaya atavala yunifolomu. Tinayandikira. Ndinayamba kugwedeza thupi kutsogolo ngati mwana pa kavalo wa mtengo. "Tiye mayi, tiye mayi." Ndipo ndinamva mpando ukugwedezeka kawiri: amake Dalitso nawonso ankakankha ndi thupi. Izi akukana mpaka lero, koma ndinaziona.

Pamene panali vuto ndi pa kamtunda kamene anthu a m'deralo anaunjika pa msewu kuti magalimoto asamathamange. Kale panalibe. (Wolakwa wachitatu, ndipo sindikumudziwa dzina.) Matayala akutsogolo anakwera, anaima pamwamba, anaganiza, n'kubwerera m'mbuyo. Ndinawerenga pambuyo pake ndi mapazi anga: masitepe makumi awiri ndi atatu kufika pa geti.

Amake Dalitso anatsegula chitseko okha, anatsika, anakonza chitenje.

"Tiyeni, bambo. Kotsalaku tiyenda wapansi, monga tinayendera tsiku loyamba."

Anandigwira pa mkono, tinalowa. Kumbuyo amayi a kwaya ankakankha Dona kumuchotsa pa msewu, akuimba.

Za Misa sindinena zambiri. Bambo Mfumu atandifunsa ngati ndikulonjezanso, ndinagwedeza mutu, ufa n'kugwera pa buku lawo. Anauzira n'kupitiriza. Mapewa a mkazi wanga ankagwedezeka, anthu ankati akulira ndi chimwemwe.

Madzulo Dona anabwerera ku Kitwe pa chingwe chomwe chija, koma sanakhotere kwathu. Anakhotera kutsidya. Mkazi wanga anali atasankha kale kopita. Sanagulitse, anangopereka, pa pangano lakuti Mulenga aziwanyamula kupita kutchalitchi Lamlungu lililonse mpaka mmodzi wa iwo adzafe. Ndinati ndikadandaule kwa ana, ana anati pangano ndi pangano, munavomera mokweza, aneba anamva.

Mmawa mwake Mulenga anandiitana. Anatulutsa kamtolo ka nyuzipepala pansi pa benchi n'kumasula. Mapushirodi khumi ndi awiri, afupiafupi, a malifita aja. Anakawatenga kwa bambo wamimba tsiku lotsatira nditapsa nsidze.

"Unali nawo nthawi yonseyi? Osandipatsa?"

"Ndikanakupatsani mukanalandira?"

Funso lopusa. Ayi, sindikanalandira. Koma akanayesa! Anatenga imodzi, kuika pakamwa n'kuuzira, inalira kuti fyoo ngati chitoliro, n'kundipatsa kuti nane ndiyese. Ndinakana.

Zinamutengera masabata awiri, ndi maroka ena a ku Ndola komweko. Lero Dona akuyenda. Lamlungu lililonse hafu seveni hutala imalira pa geti panga, hutala yanga. Mpando wakutsogolo uja amakhala atatu, Mulenga, Bana Chanda ndi mkazi wanga. Ine kumbuyo, ndi maambulera. Pansi pa kotapeya pali nkhuku makumi atatu, ndipo pushirodi imodzi yopindika ija amake Dalitso amatokosera makala pa mbaula. Akuti ndi yolimba bwino, m'kati ndi modzaza.

Ana anga akuti phunziro lake n'lakuti munthu azimva za anzake. Mwina. Ine ndikaganiza ndimaona kuti nzeru yodula inali yabwino, kungoti wowotcherera uja anathira chitsulo chambiri.

Koma pali kanthu. Lamlungu lathali, tikudutsa pa msika, ndili kumbuyo kuja ndinamva kamawu pansi pa boneti. Kakang'ono kwambiri, iwo akutsogolo sanamve chifukwa cha macheza. Tiki. Patapita kanthawi, tiki. Munthu wa Sitandade Folo angauze chiyani wa pepala la m'galasi? Ndinangopita kusitolo Lolemba. Galimoto yokokera ndilibe, zimenezo tidzaona tsiku lake. Koma chingwe ndagula, chofiira, chili pansi pa bedi. Ndi ufa womwe.